Bolodi tapanga, nanga madzi akudawa apita kuti?

Pa tchuthi chapitachi, ena mwa ife amene kwathu ndi kwa Malemia ku Zomba tinagwirizana zopanga kachipangizo kodyetsera nsomba. Tinafuna chidebe cha madeya chikhale pamwamba pa damu, pansi pake pakhale kachitseko, ndipo kamota kotchedwa servo kazitsegula kachitsekoko kawiri pa tsiku, mwini damu ali kumunda kapena ku tchalitchi. Ku Domasi ulimi wa nsomba si wachilendo. Kumeneko ndi kumene kuli National Aquaculture Centre, ndipo m'midzi yozungulira muli madamu a chambo ndi makumba.

Servo ndi mota yomvera. Siizungulira mosalekeza ngati ya chigayo, imangotembenuka kufika pamene yauzidwa n'kuima. Ili ndi mawaya atatu: awiri a moto wa mavoti 5, wachitatu wolandirira uthenga. Uthengawo ndi kamoto kamene kamabwera ka 50 pa sekondi iliyonse. Kakatenga milisekondi imodzi, mota imapita mbali ina; kakatenga mamilisekondi awiri, imapita mbali inayo; kakatenga imodzi ndi theka, imaima pakati. Wotumiza uthengawu akhoza kukhala kachipu ka 555, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1972, kapena chipu cha Arduino ngati mukufunanso kusunga nthawi. Zonsezi zimafuna pokhala, ndipo pokhala pake ndi bolodi yokhala ndi tinjira ta mkuwa m'malo mwa mawaya.

Bolodiyo tinapanga tokha. Tinajambula tinjirato pa kompyuta ndi KiCad, pulogalamu yaulere. Tinakasindikiza m'tauni ya Zomba pa pulinta ya laser, papepala losalala la magazini, n'kusita pepalalo ndi simbi pa bolodi yokutidwa ndi mkuwa mpaka inki inamatirira. Pamene inki inadukaduka tinakonza ndi maka yosafufutika. Kenako tinamiza bolodi mu mankhwala a ferric chloride, amene amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa ndi inki. Bolodi yoyamba inatuluka yotembenuka, kumanja kuli kumanzere, chifukwa tinasokoneza mbali posindikiza. Yachiwiri inagwira ntchito, ndipo kachitseko katatseguka koyamba tinakuwa ngati timu yathu yagoletsa.

Maganizo athu ndi akuti luso limeneli ndi loyenera kuliphunzira, ndipo anzathu amene amaliona ngati masewera a ana akulakwitsa. Ena amati mafakitale a ku China amapanga mabolodi okongola kuposa athu pa mtengo wotsika. N'zoona, sitikukana. Koma aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zavutira m'dziko muno, komanso masabata amene katundu amatha ali m'njira. Ukalakwitsa kanjira kamodzi, udikirenso masabata ena. Wopanga yekha amalakwitsa m'mawa, madzulo wakonza, ndipo chipangizo chikafa m'mudzi amadziwa poyambira. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, sanadikire katundu wochokera kunja pamene ankapanga makina ake amphepo kuchokera ku zidutswa za kudzala. Ifenso a Adventist takula tikumva kuti maphunziro enieni ndi a mutu, mtima ndi manja, ndipo sukulu zathu zakale monga Malamulo ndi Matandani zinkaphunzitsa ntchito zamanja pamodzi ndi za m'kalasi.

Koma pali mbali ina ya lusoli imene ambiri safuna kuikamba. Tsiku limene bolodi yathu inatheka linali Lachisanu, dzuwa litapendeka, aliyense akuthamangira kusamba Sabata lisanalowe. M'beseni munatsala madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mmodzi wa ife ananyamula beseni kuti akakhuthule m'ngalande ya kuseri kwa nyumba, monga timachitira ndi madzi otsukira mbale. Amene anamuimitsa ndi agogo aakazi a pakhomopo, amene sadziwa n'komwe kuti servo n'chiyani. Anangofunsa kuti, "Adzukulu, madzi amene adya chitsulo amenewo, bakha wanga akamwa zitha bwanji?" Tonse tinasowa choyankha.

Titawerengera pambuyo pake tinaona kuti agogo ananena zoona. Mkuwa wa pa bolodi wamba ndi wopyapyala kwambiri, mamaikiromita 35 okha. Komabe bolodi ya masentimita 10 mbali zonse imakhala ndi mkuwa wokwana magalamu atatu. Theka lake likasungunuka, ndiye kuti m'beseni muli galamu imodzi ndi theka. Mkuwa wosungunuka ndi poizoni ku zamoyo za m'madzi: umawononga makha a nsomba, ndipo nsomba zina zimafa ngakhale mkuwawo usanafike miligalamu imodzi pa lita. Pa mlingo umenewo, beseni lathu limodzi likanatha kuipitsa malita 1,500, amene ndi migolo yoposa isanu ndi iwiri ya malita 200. Ife amene tinkapanga chodyetsera nsomba tinatsala pang'ono kuthira chophera nsomba m'ngalande.

Ngalande za kwa Malemia sizithera pamenepo. Mvula ikagwa, madzi otsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa amakokolola zonse kupita mu mtsinje wa Domasi, umene anthu amachapamo, kuthirira madimba ndi kulima mpunga kumunsi kwake. Domasi amakathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka pouma ndi dzuwa, koma mkuwa suuma ndipo suwola, umangokhala m'matope. Nyanja imeneyi, imene inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 1997, ndi yosazama ndipo yavutika kale: inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Matemba amene timadya ku dining ena amachokera komweko.

Wina anganene kuti beseni limodzi silingaphe nyanja, ndipo tikuvomereza. Koma ngati tikufunadi kuti luso limeneli lifalikire, lifike m'makalabu a sayansi a m'masekondale ndi kwa a Pathfinder amene akuphunzira za magetsi, ndiye kuti mabeseni adzakhala ambiri. Chizolowezi chimene oyamba aphunzitse ndi chimene otsatira adzatengere. Ndiponso damu la mlimi mmodzi si nyanja: kwa iye beseni limodzi ndi lokwanira kumuphera nsomba zimene amayembekezera kulipirira fizi ya mwana.

Zoyenera kuchita si zodula. Pojambula, siyani mkuwa wambiri pa bolodi, malo opanda tinjira akhale a ground, kuti wosungunuka uchepe. Mankhwala omwewo amagwira ntchito kangapo, choncho asungeni m'botolo la pulasitiki lotsekeka bwino, lolembedwa dzina, pamalo pamene ana safika. Musaike m'botolo la zakumwa, pakuti mtundu wake umanyenga, ndipo musagwiritse ntchito poto kapena supuni ya kukhitchini, chifukwa ferric chloride amadya aluminiyamu ndi chitsulo. Valani magolovesi, tetezani maso, gwirirani ntchito panja. Mankhwala akatha mphamvu, thiranimo soda pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya. Mkuwa ndi chitsulo zimakhazikika pansi ngati matope. Matopewo aumitseni, muwatsekere m'chitini cha pulasitiki, ndipo mukawapereke kwa oyang'anira labu ya sayansi kuti akasungidwe pamodzi ndi zinyalala zina za mankhwala. Athu tinabwera nawo kuno ku koleji m'chikwama, ndipo sanalemere kuposa buku limodzi.

Pempho lathu likupita kwa akuluakulu a koleji ndi a bungwe la ophunzira. Tipatseni tebulo limodzi mu labu, pamene ofuna kupanga mabolodi angagwirire ntchito moyang'aniridwa, ndi chigubu chimodzi cholandirira mankhwala otha ntchito, ngakhale ochokera kunyumba pa tchuthi. Kwa anzathu opanga zinthu tikuti, aliyense wophunzitsa mnzake kusita bolodi amuphunzitsenso tsiku lomwelo kusamala zotsala. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, yolima ndi yosamala, ndipo sitikuona chifukwa chimene wogwira mkuwa angasankhire imodzi yokha. Sabata lililonse timakumbukira Mlengi wa nyanja ndi akasupe a madzi, choncho mtsinje wa Domasi ndi wofunika kuusamala ngakhale Lachisanu madzulo, pamene tili pa changu ndipo palibe amene akutiona.