Chizungulire pa Chingerezi n'chiyani, amalume?

Foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa, nthawi imene mtima umayamba wadumpha usanaone n'komwe amene akuimba. Anali mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg. Mawu ake anali ofooka. "Amalume, ndili pamzere kuchipatala. Chizungulire pa Chingerezi n'chiyani?"

Mnyamata ameneyu anakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a MSCE. Kalata yofunsira ntchito amalemba yekha, ndipo ndi abwana ake amamvana popanda womasulira. Koma thupi litamutembenukira, mawu anamuthawa. Ndinamuuza kuti anene dizzy. Nditamufunsa china chimene akumva, anati malungo, ndipo anali atakonzeka kale kukauza namwino kuti I have malaria. Apa ndinamuletsa.

Kwathu liwu loti malungo limasenza katundu wambiri. Thupi likatentha, m'mfundo mukaphwanya, munthu akamanjenjemera dzuwa likuswa mtengo, timangoti malungo. Pa Chingerezi cha kuchipatala malaria ndi nthenda imodzi yokha, ya tizilombo tofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo chimene chimatsimikiza ndi magazi. N'chifukwa chake kuyambira mu 2011 zipatala zathu zimayamba zabaya chala zisanapereke LA, mankhwala amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007. Kutentha thupi pakokha ndi fever, ndipo kumabwera ndi matenda ambirimbiri. Ndinamuuza kuti: "Iwe usatchule dzina la nthenda, imeneyo ndi ntchito yawo. Unene zimene thupi likuchita, zinayamba liti, komanso uwauze kuti unali kumudzi mwezi watha." Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa mumzinda wa Johannesburg malungo safala ngati kumadera ena a Limpopo ndi Mpumalanga, choncho namwino sangawaganizire msanga ngati sanamve za ulendo.

Kenaka tinafika pa ululu, pamene ambirife timagwa. Pa Chingerezi timangodziwa kunena kuti my body is paining, basi. Chonsecho m'Chichewa sitilankhula mwaumphawi chotero. Gogo wa kumudzi sanena kuti m'mimba mukupweteka n'kulekera pomwepo. Amasiyanitsa m'mimba moluma, mopotokola ndi mofufuma. Amadziwa mutu wogunda ngati ng'oma ndi mutu wolemera, mwendo wochita dzanzi ndi mwendo wowotcha. Zonsezi zili ndi anzake pa Chingerezi, ndipo dokotala amazifuna. Ululu wolasa ndi sharp kapena stabbing, wogunda ndi throbbing, wowotcha ndi burning, wopotokola ndi cramping, dzanzi ndi numb. Ululu wosakuwa koma wosachoka, uja umangokhala pansipansi tsiku lonse, amauti dull. Amene wabinya phazi pa mpira ali ndi sprain, pamene amene fupa lathyoka ali ndi fracture, ndipo chithandizo chake si chimodzi.

Nditamufunsitsa, mnyamatayo anati: "Chikundilasa m'nthiti ndikamapuma." Mawu amenewo anali nawo kale m'Chichewa, omveka bwino, koma akanawasiya pakhomo la chipatala chifukwa chosowa powaika. Tinawaumba limodzi pafoni pomwepo: sharp pain in my ribs when I breathe in.

Pali misampha ina imene imakola ngakhale ophunzira kwambiri, makamaka abale athu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Ife tinatenga kutsegula m'mimba n'kukutembenuza kukhala opening bowels, ndipo kuno aliyense amamva. Koma namwino wa ku London akafunsa ngati wodwala has opened his bowels, akungofuna kudziwa ngati wachita chimbudzi, osati ngati akutsegula m'mimba. Kutsegula m'mimba ndi diarrhoea. Mngelezi akati I feel sick nthawi zambiri akunena nseru, ndipo akati I have been sick ndiye kuti wasanza. Choopsa kwambiri ndi mawu awiri oyandikana ngati mapasa: passed out ndi kukomoka, passed away ndi kumwalira. Taganizani munthu akuimba 999 ali ndi mantha, lilime n'kuterereka pamenepo.

Liwu limene ndimafuna Mmalawi aliyense woyenda kunja ataliloweza ndi allergic. Ife timati mankhwala akuti amandiwenga. Ngati Bactrim anakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani milomo, Fansidar angathenso kukuvutani, chifukwa onsewa ali ndi mankhwala a gulu la sulfa. Kulephera kunena zimenezi kungaike moyo pachiswe.

Ndikaganiza za sukulu zathu mtima umandiwawa. Mwana amakhala zaka 12 pa Chingerezi, amaloweza ziwalo za duwa ndi mitundu ya miyala, koma palibe amamuyeseza kuima pamaso pa namwino n'kufotokoza pamene pakupweteka. Aphunzitsi angathe kupatula maphunziro awiri kapena atatu pa teremu, wina akhale wodwala, wina dokotala. Sizifuna buku latsopano kapena ndalama.

Vuto lomweli lilinso kuno kwathu, kungoti latembenuka. Madokotala athu amaphunzira m'Chingerezi kuyambira pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo zimene amalemba m'kabuku ka kuchipatala ndi Chingerezi chosakaniza ndi zidule za Chilatini. Mayi amabwerera kunyumba atanyamula nkhani ya thupi lake lomwe, koma sangaiwerenge. Zina n'zosavuta munthu akakuuza kamodzi: od ndi kamodzi pa tsiku, bd ndi kawiri, tds ndi katatu, nocte ndi usiku pogona. Ndikudziwa kuti mizere ndi yaitali ndipo ogwira ntchito ndi ochepa. Komabe ndikupempha, achipatala, musanatseke kabukuko muuzeni mwiniwake m'chilankhulo chake dzina la nthenda imene mwalembayo. Ndipo inu odwala ndi oyang'anira odwala, kufunsa si mwano.

Mnyamata uja anaimbanso dzuwa litapendeka. Magazi sanaonetse malungo. Namwino atamva za kulasa kwa m'nthiti anamutumiza kwa dokotala, amene anamumvetsera m'chifuwa n'kumujambula. Pa kapepala analemba pneumonia, ndipo ndinamuuza kuti chimenecho ndi chibayo, amwe mankhwala onse mpaka athe ngakhale atayamba kupeza bwino.

Patatha sabata ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Anang'amba chikatoni n'kulembapo mawu onse aja ndi pensulo ya kuntchito, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja, n'kuchikhomera kuseri kwa chitseko cha chipinda chimene amagona ndi anzake anayi a ku Mangochi ndi ku Dedza. Pansi anasiya malo, ndipo mnzake wina anali atalembapo kale kumanzere kuti chilungulira. Ndinawayankha usiku womwewo kuti alembe heartburn.