Za Alangizi a Pamakwerero

Pakati pa anthu onse amene Mulungu anawalenga kuti ayese chipiriro cha anzawo, sindikhulupirira kuti alipo woposa munthu uja amene, akakupeza uli kakasi pamakwerero aatali, maondo akugundana ndipo thukuta lili kamukamu, amasendera pafupi ndi nkhope yachifundo nanena kuti: "Musayang'ane pansi, bambo." Nanga ndikapanda kuyang'ana pansi, phazi ndiliponda pati? Ndiponso inu owerenga mudziwa bwino lomwe kuti diso la munthu ndi lamwano, pakuti kumene waliletsa ndi komweko limathamangira.

Alangizi otere ndinawapeza ochuluka ku Sigiriya, m'dziko la Sri Lanka, limene ife a sukulu zakale tinaliphunzira pa dzina lakuti Ceylon. Kumeneko kuli thanthwe limodzi lotumphuka pakati pa nkhalango ngati nkhokwe yoimikidwa pabwalo, lotalika pafupifupi mamita 180, ndipo pamwamba pake pali mabwinja a nyumba yachifumu. Wofuna kuwaona ayenera kuponda masitepe okwana ngati 1,200, ena amiyala, ena achitsulo okhomeredwa m'nthiti mwa thanthwelo, kotero kuti ukasuzumira pambali pa mapazi ako umaona nsonga za mitengo zili kutali pansi.

Ine, amene ndimachita chizungulire ngakhale pofolera denga la khitchini, ndinakwera monga akwerera munthu wolemekeza moyo umene anapatsidwa: dzanja pachitsulo, phazi limodzi, kupuma, phazi linalo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mankhwala ena a mantha sindinawapeze oposa amenewa. Mantha sanandichokere ayi, koma tinapangana kuti aziyenda pambuyo panga, osati patsogolo. Anandipitirira anyamata a masiku ano, amene sakwera phiri kuti alione, koma kuti lamya zawo ziwaone iwo ali paphiripo, ndipo aliyense wa iwo anandisiyirako uphungu wake wosaupempha.

Chipulumutso changa chinachokera kumene sindinachiyembekezere. Pabwalo limene makwerero otsiriza amayambira, pakati pa mapazi awiri aakulu a mkango womangidwa ndi njerwa, umene mutu wake unagwa kalekale, pali zisa za mavu zolendewera pathanthwe, ndipo zikwangwani zimapempha alendo kuti akhale chete kuopa kuwaputa. Pamenepo alangizi onse anatseka pakamwa. Sindinakondepo mavu monga tsiku limenelo.

Koma chimene chimandiseketsa, ndikamva anthu akudzitama kuti anagonjetsa mantha pa Sigiriya, n'chakuti malowo anamangidwa ndi mantha omwewo. Mbiri yakale ya dzikolo imasimba kuti Mfumu Kashyapa, imene inalamulira kuyambira m'chaka cha 477 kufikira 495, inapha atate ake enieni, Dhatusena, powamangira m'khoma ali amoyo, nilanda mpando umene unali woyenera mbale wake Moggallana. Ndipo mbaleyo atathawira ku India, mfumuyo, poopa tsiku la kubwezera, inasiya mzinda wa makolo ake wa Anuradhapura nikadzimangira linga kumene kumafika mbalame zokha, ndi zitsime zosemedwa m'mwala, ndi minda yamadzi patsinde pake, ndi zithunzi za akazi zopentedwa pathanthwe zimene zikuonekabe kufikira lero. Wina amaopa kukwera, wina amaopa kukhala pansi. Weruzani nokha amene mantha ake anali ochititsa manyazi.

Choipa chitsata mwini. Patapita zaka 18 Moggallana anabwera ndi ankhondo ake, ndipo Kashyapa, m'malo mokhala m'linga limene analivutikira chotero, anatsika kukamenya nkhondo kuchidikha atakwera njovu. Akuti njovuyo inapatuka polambalala dambo, asilikali ake nayesa kuti mbuye wawo akuthawa, nabalalika onse. Ndipo iye, poona kuti watsala yekha, anadzicheka pakhosi ndi mpeni wake. Moggallana anabwezera likulu ku Anuradhapura, thanthwelo nalipereka kwa amonke achibuda, iye mwini nakhala pansi pathyathyathya. Ndipo pa chifukwa chimenecho ine ndimamuyesa wanzeru koposa onse a m'banja limenelo.