Nicodemus, mudzi umene Kansas sayenera kuutaya

Ambiri akamva za Kansas, chigawo cha zigwa pakati pa dziko la America, amangoganiza za mafilimu a anyamata oweta ng'ombe atakwera mahatchi ku Dodge City. Alendo amakhamukira kumeneko ndi makamera awo. Koma wofuna kuimva bwino mbiri ya chigawochi apite m'boma la Graham, pakamudzi kotchedwa Nicodemus.

Mu 1877 anthu akuda ochokera ku Kentucky, ambiri mwa iwo obadwira mu ukapolo, anafika kumeneko pofuna malo awoawo. Lamulo la Homestead la 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu amene wakhala ndi kulima pamalopo zaka zisanu. Atafika anapeza tchire la udzu okhaokha, mphepo ili kuuu, mitengo yomangira osaoneka. Anakumba nyumba m'mbali mwa zitunda n'kufolera ndi zibuma zaudzu, moti mlendo ankangoona utsi ukufuka m'nthaka. Ena mtima unawachoka, nabwerera. Otsalawo analimba, ndipo m'zaka za m'ma 1880 pamudzipo panali masitolo, matchalitchi, sukulu, banki ndi nyuzipepala ziwiri.

Chimene chinaufooketsa ndi njanji. Mu 1888 kampani ya Union Pacific inaidutsitsa kutsidya kwa mtsinje wa Solomon, amalonda n'kusamukira ku Bogue, kumene njanjiyo inadutsa.

Lero okhalamo sakwana n'komwe 50. Komabe chaka chilichonse kumapeto kwa Julaye zidzukulutudzi za oyambitsa mudziwu zimabwera kuchokera m'mizinda yakutali kudzakondwerera kutha kwa ukapolo, kudya pamodzi ndi kuona manda a makolo. Mwambowu sunayambitsidwe ndi boma, ndi mabanja eni ake amene ausunga, ndipo n'chifukwa chake ukulemera kuposa masewero okopa alendo a ku Dodge City.

Nkhaniyi ili ndi mbali yowawa imene siyenera kubisidwa. Minda imene boma linkagawa inali yolandidwa kwa eni nthaka. A mtundu wa Kaw, amene dzina loti Kansas linachokera kwa iwo, anasamutsidwira ku Oklahoma ya lero mu 1873. Ana asukulu aziphunzira mbali zonse ziwiri.

Mu 1996 nyumba ya malamulo ya America inaika Nicodemus pa mndandanda wa malo otetezedwa a mbiri ya dziko, kuphatikizapo nyumba zisanu: matchalitchi awiri, sukulu, hotela ya St. Francis ndi holo yamiyala ya 1939. Chitetezo cha papepala sichikhoma denga lodontha. Zina mwa nyumbazi zikufunika ndalama zokonzera, ndipo m'mudzi mwatsala anthu ochepa kwambiri oti n'kuzisonkha okha.