ZA KUTHAMBO: Kamakina Kokonza Diso la Telesikopu Pojambula Nyenyezi

M'miyezi ya Juni ndi Julai, mitambo itacoka ndipo utsi wa moto wa m'thengo usanaculuke, thambo la kumidzi limayera kotero kuti Mlalang'amba umaoneka ngati ufa womwazika pa mphasa. Anthu a m'mizinda yaikulu ya ku Ulaya amayenda mitunda yaitali kufunafuna mdima wotere, cifukwa nyali za magetsi zimabisa nyenyezi. Ambiri a iwo amanyamula telesikopu, cipangizo ca magalasi coonera zinthu zakutali, namangirirako kamera kuti ajambule zakumwamba.

Nchito imeneyi ndi yakale ndithu. John William Draper anajambula mwezi ku New York m'caka ca 1840, ndipo mu 1850 akatswiri a ku Harvard anajambula nyenyezi yochedwa Vega. Koma bvuto limene linasautsa iwo likali kusautsa ophunzira a lero.

Telesikopu imasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi ndi kukukumanitsa pa malo amodzi ang'onong'ono, ndipo kamera iyenera kukhala pamenepo ndendende. Ikaphonya pang'ono cabe, ngakhale monga kunenepa kwa tsitsi limodzi, nyenyezi imene iyenera kuoneka ngati nsonga ya singano imatuluka ngati dontho la mafuta papepala. Wojambula amapotoza kagudumu ka pambali kusendeza kamera mkati kapena kunja, monga momwe munthu asakira siteshoni pa wailesi: apitirira, abwerera, mpaka mau amveke bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ambiri amakhoza ndi dzanja lokha, makamaka pothandizidwa ndi cibvundikiro ca mipata cimene Pavel Bahtinov wa ku Russia anatulukira mu 2005. Cikaikidwa kukamwa kwa telesikopu, nyenyezi imaonetsa mizere itatu yopingasana, ndipo mzere wapakati ukakhala pakati penipeni ndiye kuti diso lakhazikika.

Cimene cimaononga nchito yabwinoyi ndi kuzizira. Aliyense wogona m'nyumba ya malata adziwa momwe denga limathethekera dzuwa likalowa, citsulo ciri kufupika. Thupi la telesikopu nalonso limatero. Paipi ya aluminiyamu yotalika mita imodzi imafupika ndi mamilimita 0.023 kutentha kukatsika ndi digiri imodzi. Kukatsika ndi madigiri 5, kufupikako kwaposa kale kunenepa kwa tsitsi. Popeza cithunzi cimodzi cabwino cimapangidwa pophatikiza zithunzi zambirimbiri zojambulidwa kwa maola angapo, munthu amene anakonza diso madzulo nakagona angadzuke mamawa napeza kuti za usiku wonse nzosawadza, tulo ndi batire zapita pacabe.

Apa ndipo pagona phindu la kamota kamene kamamangidwa pa kagudumu kaja ndi kulumikizidwa ku kompyuta. Kamayenda mwa timasitepe towerengeka. Pulogalamu ya m'kompyuta, monga yochedwa N.I.N.A. imene imapezeka mwaulere, imajambula nyenyezi, niyesa kukula kwake, nisendeza kamera pang'ono, nijambulanso, kasanu ndi kawiri kapena kuposerapo. Miyeso yonse ikalembedwa imapanga cilembo ca V: nyenyezi yotupa kumanzere, yotupa kumanja, yaing'ono pansi. Kamota kamabwerera pansi pa V pomwepo ndi kuima.

Wongoyamba kumene ayenera kudziwa kuti kamakinaka sikangapeze njira ngati kayambira kutali. Afunika kuyamba ndi dzanja, kukonza diso pa mwezi kapena pa nyenyezi yowala, ndi kulemba nambala ya sitepe pamene caoneka bwino. Tizomangira tonse tikhale tolimba, pakuti kamota kakamazungulira koma kagudumu kosatsatira, kompyuta imakhulupirira bodza. Masitepe akacepetsa, cilembo ca V cimagona cafulati, pansi pake osadziwika. Akakulitsa, nyenyezi zimafufuma mpaka pulogalamu kulephera kuziona.

Pali cinanso cimene cimasokoneza ambiri. Wochova njinga ya cheni colefuka adziwa kuti phazi limayenda pang'ono cheni cisanagwire. Mano a m'kati mwa kamota nawonso ali ndi mpata wotere pobwerera m'mbuyo. Mankhwala ake ndi kuuza pulogalamu kuti nthawi zonse izipitirira pang'ono ndi kufika pamalo ake kucokera mbali imodzi yokha. Zikatero, aiuzenso kuti izibwereza kuyesa pa ola lililonse, kapena pamene kutentha kwatsika ndi digiri imodzi kapena ziwiri.

Kugula kamota munthu asanaphunzire kukonza ndi dzanja ndi kutaya ndalama, ndipo kamota sikaciritsa galasi lopangidwa molakwa. Telesikopu ya Hubble, imene Amerika anaponya kuthambo mu 1990, inatumiza zithunzi zosawadza cifukwa galasi lake linapalidwa mophonya pang'ono, ndipo kusendeza kulikonse sikunathandize mpaka akatswiri anakwera kukaikako magalasi owongolera mu Disembala 1993.

Amene afuna kuyeseza masana aloze phiri kapena mtengo wakutali. Asaloze dzuwa ngakhale kamphindi, cifukwa kuwala kwake kukadzera m'magalasi kumatentha kamera ndi kucititsa khungu losacira.