Msilikali ali ku Congo, nanga mkazi wake ku Kawale akudika ndi yani?

Kale pakati pa Achewa ulendo sunkakhala wa munthu mmodzi. Mwamuna akanyamuka kupita kutali, kaya ku uzimba wa masiku ambiri, kaya ku malonda, kaya ku nkhondo, akuluakulu ankati nyumba yake yonse ili paulendo. Mkazi wotsala ankalangizidwa kudika, ndiye kuti kudzisunga kufikira mwamuna wake atabwera, ndipo wapaulendoyo naye ankamangidwa ndi lamulo lomwelo kumene waliko. Wophwanya mwambowu ankati wadula mnzake kapena ana, ndipo mdulo unkaopedwa kwambiri. A chipatala lero ali ndi mayina awoawo a matenda amene makolo ankawatcha mdulo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chofunika kuchiona pano n'chakuti mwambo wa kudika unkayenda ndi miyendo iwiri.

Mwendo woyamba unali chiletso chimenechi. Wachiwiri unali udindo wa mudzi wonse pa munthu wodikayo. Pa chikamwini mkazi ankatsala pakati pa abale ake enieni. Denga likadontha alongo ake ankafolera. Munda ukamukulira, anthu ankaitanidwa ku dima. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, khomo la agogo linali pafupi, ndipo atsibweni monga eni mbumba ankadziwa ngati m'nkhokwe mwatsala chimanga kapena ayi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankafika kudzazonda popanda mlandu uliwonse. Mudzi unkauza mkazi kuti adike, koma unkadika naye limodzi.

Mwambo umenewu ukufunika kuukumbukira poona mabanja a asilikali amene akukhala m'nyumba za lendi ku Kawale, Biwi, Area 23, Chinsapo, Mgona ndi Area 25, amuna awo ali kunja kwa dziko pa ntchito yosungitsa mtendere. Tauni yasunga mwendo woyamba uja, yautaya wachiwiri. Ndipo munthu sayenda ndi mwendo umodzi.

Dziko lino lidayamba kalekale kutumiza ana ake kutsidya la nyanja atavala yunifolomu. M'chaka cha 1899 gulu la asilikali olembedwa kuno lidatumizidwa ku chilumba cha Mauritius, ndipo ena mwa iwo adatenga akazi ndi ana awo. Amayi amene adali asanaonepo nyanja yamchere adakapezeka akuphika ndi kuchapa pakati pa anthu a chilankhulo chachilendo. Eni chilumbacho sadawalandire bwino, kudabuka ndewu, ndipo aboma adawasamutsira pa kachilumba kakang'ono kotchedwa Flat Island. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. M'chaka cha 1900 gululo lidapita ku Somaliland, ndipo ena adapitirira mpaka ku nkhondo ya Ashanti m'dziko limene lero ndi Ghana.

Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse mabanja ankatsala kumudzi. Mbusa John Chilembwe adaliona msanga vutoli: mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amene amatumizidwa kukafa ndi amphawi, amene amasiya akazi amasiye ndi ana opanda wowasamala. Asilikali a King's African Rifles, amene anthu ankangowatchula kuti a Keyala, adakamenya nkhondo ku Moyale pa malire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, n'chifukwa chake baraki ya ku Mzuzu ili ndi dzina limeneli. Adakafika ku Burma mu 1944 ndi ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. N'zochititsa chidwi kuti liwu lomwelo lakuti keyala ndi limenenso limatanthauza malo olandirira kalata, pakuti moyo wa mkazi wa msilikali nthawi imeneyo unali kudikira kalata yoti mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni amuwerengere. Obwerako adabweretsa nsapato, mabulangete ndi nkhani za maiko akutali, ndipo mayendedwe a perete akuonekabe mpaka lero m'magule a mganda, malipenga ndi beni. Za amayi amene adalera ana okha zaka zonsezo, palibe chipilala chimene chidamangidwa, ngakhale ku Zomba ndi ku Lilongwe kuli nsanja zokumbukira asilikali.

Ufulu utabwera maulendowo sadathe. Asilikali a Malawi adakalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique kuyambira 1987, adapita ku Rwanda mu 1994, ku Côte d'Ivoire mu 2011, ndipo kuyambira 2013 adalowa m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Ntchito zoterezi sapita nazo banja. Msilikali amakwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, nakakhala miyezi yambiri, kawirikawiri chaka chathunthu, mu msasa wozingidwa ndi waya. Ku Beni, m'chigawo cha North Kivu, moyo wake ndi kulondera m'nkhalango yamvula, kuphunzira Chiswahili cha kumeneko pang'onopang'ono, kumwa mankhwala opewera malungo, ndi kusaka malo amene foni ikugwira. Amene adali kumeneko pakati pa 2018 ndi 2020 adakumananso ndi mliri wa Ebola pakhomo penipeni pa misasa yawo.

Kuno kwatsala mkazi. Si onse amene ali ndi nyumba m'kati mwa Kamuzu Barracks, kumene akazi a asilikali amadziwana mavuto natonthozana. Ambiri ali m'makomboni, kutali ndi kwawo ku Ntchisi, ku Mulanje kapena ku Karonga, pakati pa anansi amene adakumana nawo chifukwa cha lendi basi. Mayi wa ku Mgona kapena ku Chinsapo amalawirira kukaima pa mzere wa madzi, agule makala, aperekeze ana kusukulu, athamangire ku chipatala mwana akadwala, usiku akhome chitseko yekha namvetsera mapazi a anthu odutsa. Mwini nyumba akangomva kuti bambo ali ku Congo, lendi imakwera, chifukwa m'makomboni mudafala chikhulupiriro chakuti kunyumba ya msilikali wopita kunja madola amachita kusefukira.

Chimene sichisowa ndi maso. Akavala chitenje chatsopano, anthu aona. Akabwera mochedwa kuchokera ku mapemphero kapena ku banki mkhonde, anthu awerenga maola. Wa kabaza mmodzi akamutsitsa pakhomo kawiri, nkhani yapsa. Kale miseche inkayenda wapansi ndipo inkatopa panjira. Lero imakwera WhatsApp nifika ku Beni mayiyo asanasonkhe n'komwe moto wa madzulo. Tsono taganizani mwamuna amene mawa lake alowa m'nkhalango atanyamula mfuti, usiku wonse wakhala akuwerenga uthenga wa mlongo wake wonena kuti alamu ayamba kuyendayenda. Wotumiza uthengawo amadziyesa wosunga mwambo. Koma akadafunsidwa kuti adapitako liti kukaona ngati ana a mchimwene wake ali ndi ufa, sakadayankha. Makolo sankalola kuti munthu amene sadafolere denga akhale woyamba kuloza chala pa nyumbayo.

Wina anganene kuti akazi ena amalakwadi, ndipo ndalama zimene mwamuna adazipeza poika moyo wake pachiswe zimathera m'njira zosadziwika. Zoterezi zimachitika, monganso zimachitikira kuti amuna ena amaiwala malumbiro awo akakhala kutali. Koma kudika kunkamanga anthu awiri. Amene akufuna kuukitsa mwambowu ayambe wauza mwana wawo wamwamuna mawu omwewo amene akuuza mpongozi wawo. Ndiponso masiku ano akazi nawo ndi asilikali ndipo amapita ku Congo, mwamuna n'kutsala ndi ana ku Area 25. N'zodabwitsa kuti pa nyumba zoterozo anansi sawerenga maola, ndipo bamboyo akaphikira ana amatamandidwa ngati wachita chozizwitsa.

Nkhani ya ndalama ndiyo imapasula mabanja ambiri kuposa chigololo chimene anthu amakonda kukamba. Ndalama ya ulendo wakunja imabwera kamodzi, mwina kawiri pa moyo wonse wa ntchito, ndipo kwa msilikali wamba ndiwo mwayi wogula puloti, kuumba njerwa ndi kukhoma malata, kuti tsiku lopuma ntchito lisadzamupeze pa lendi. Koma foni ya mkazi siipuma. Apongozi akufuna feteleza, mlamu akufuna mpamba wa geni, msuweni akufuna fizi, ndipo popeza Airtel Money ndi Mpamba zili m'manja, palibenso chowiringula chakuti kulibe womutuma. Akakana, ndi wouma mtima amene wadyetsa mwana wawo mankhwala. Akapereka, mwamuna pobwera apeza maziko okha ndipo mlandu ugwera yemweyo. Chibale ndi fupa, inde, ndipo mwana wothandiza makolo ake sachita cholakwa. Cholakwika n'kusiya mkazi yekha kuti akhale woweruza pakati pa mwamuna wake ndi abale a mwamunayo. Imeneyi ndi ntchito ya ankhoswe, ndipo nthawi yake ndi msilikali asananyamuke: akhale pansi onse, mwini wake anene ndi pakamwa pake kuti zakumudzi ndi zingati, za nyumba ndi zingati, za ana ndi zingati, aliyense amve. Ankhoswe ambiri a m'tauni amaoneka pa tsiku la chinkhoswe atavala bwino, kenaka n'kudzaonekanso ukwati uli pa khoti.

Palinso ulendo umene wopitayo sabwerera wamoyo. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi adaphedwa pafupi ndi Beni pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu Meyi 2019 mkulu wa United Nations, António Guterres, adapereka kwa mkazi wake mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Umo ndi mmene banja la msilikali wamba limaonera maiko akunja masiku ano. Mu Januwale 2025 ena atatu adafa pa nkhondo yolimbana ndi M23 kufupi ndi Goma, ali pansi pa gulu la SADC. Mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalamula kuti akonzekere kubwerera, SADC idathetsa ntchitoyo mu Malichi, koma padapita miyezi asilikaliwo asanatuluke kudzera ku Rwanda ndi Tanzania. Miyezi imeneyo amayi m'makomboni ankagona ndi foni m'manja. Mipingo ndi mafumu a m'tauni, amene amadziwa kusonkhetsa ufa ndi nkhuni maliro akagwa, akadachita bwino kuwayendera amayiwa pa nthawi imeneyo, pamene kunalibe maliro koma mantha okha.

Imfa ikafika, abale ena amathamangira katundu mtembo usanatsike m'ndege. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidanena poyera kuti kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo. Msilikali aliyense wopita kunja ayenera kusiya wilo yolembedwa bwino, ndipo akuluakulu aleke kunena kuti kutero n'kudziitanira tsoka. Makolo omwewo ankati wopita ku nkhondo ayambe walawira, nanena za mbuzi zake ndi ngongole zake pamaso pa mboni.

Amene abwera amoyo amalandiridwa ndi nthungululu, nkhuku iphedwa, anansi adzaza pakhonde kudzaona zimene zatuluka m'chikwama. Angoni ankadziwa kuti munthu wochokera kokhetsa mwazi salowa m'mudzi chilowereni. Ankayamba wasambitsidwa ndi mankhwala ndi kukhala kaye ndi akuluakulu. Mankhwalawo wina akhoza kuwakayikira, koma nzeru yake inali yakuti wobwerayo sali monga adapitira. Lero msilikali amatsika basi Lachisanu, Loweruka ali kale pa ukwati wa mnansi. Tayala la minibasi likaphulika pamsewu iye wagwa kale pansi, ana akaombetsa chitseko akalipa mopitirira muyeso, usiku sagona, ndipo ena amayamba kumwa mowa umene kale sankaudziwa. Amene amaziona zonsezi ndi mkazi yemwe uja, amene chaka chonse wakhala akulamulira nyumba yekha ndipo tsopano ayenera kuphunziranso kugawana ulamulirowo ndi munthu amene wabwera ndi zinthu zosakambika mumtima. Kwa apongozi sanganene, kuopa kumveka ngati akunyoza ngwazi. Kwa anansi sanganene, poti ndi omwe aja ankamuwerengera maola. Nkhoswe wanzeru amafika sabata yachiwiri, alendo ofuna mphatso atatha, nacheza ndi mwamuna payekha, mkazi payekha, ndipo akaona kuti tulo tikusowabe mwezi utatha, amaperekeza mwamunayo kwa abusa a asilikali kapena kwa a chipatala odziwa za maganizo, iye mwini ali pambali pake.