Thabwa si galimoto

Munthu akamaliza maphunziro ku Bunda, ku Chanco kapena ku Poly n'kupeza kuti ntchito kulibe, bizinesi imodzi imene imabwera msanga m'mutu ndi car wash. Mukayenda m'mbali mwa msewu ku Biwi, ku Kawale, ku Area 23 kapena ku 25, mumva makina opopera madzi mwamphamvu akulira. Makina omwewa ena akumatsukiranso mabenchi a m'mabala, zitseko za mashopu, matebulo a panja pa malo odyera, ngakhale makonde a matabwa a m'malo ogona alendo. Ine ndikuona kuti ntchito yokonzanso matabwa ili ndi tsogolo kuposa yotsuka galimoto, koma kuigwira ngati car wash ndi kuwononga chinthu chimene dziko lathu layamba kale kusowa.

Chitsulo cha galimoto chili ndi penti wolimba, madzi amangodutsa. Thabwa ndi losiyana, makamaka la paini limene ambirife timakwanitsa kugula. Mukaliyang'anitsitsa muona mizere, ina yolimba ina yofewa. Madzi a makina aja, amene amatuluka ndi mphamvu yoposa mabar 100, amakumba mizere yofewayo n'kusiya yolimba itatukuka. Thabwa likadali lonyowa limaoneka ngati latsopano, mwini wake amalipira akumwetulira. Likauma limachita ubweya, timinga timabaya m'manja, ndipo m'mikwingwirima ija mvula ikubwerayo idzakhazikika. Kuola kumayambira pamenepo, chiswe chimangobwera kudzamaliza.

Sindikunena kuti makinawo tiwataye. Ndikunena kuti akhale gawo laling'ono la ntchito. Thabwa liyambe lanyowetsedwa ndi madzi a sopo, likwechedwe ndi bulashi, makina abwere kudzatsukuluza basi. Mphamvu ichepetsedwe, kamwa ya mpope ikhale yomwaza madzi osati yolasa ngati muvi, ndipo italikire thabwa pafupifupi masentimita 30. Dzanja litsatire kumene mizere ya thabwa ikulowera, lisaime pamalo amodzi. Kenako pamafunika chinthu chimene achinyamatafe chimativuta: kudikira. Thabwa liume masiku 2 kapena 3, lipalidwe ndi sandipepa wa nambala 80, amalize ndi wa 120, fumbi lipukutidwe, ndiye mankhwala apakidwe. Vanishi wa m'nyumba akapakidwa panja, dzuwa la Okutobala limamusenda ngati khungu la njoka. Panja pamafunika vanishi wopangidwira panja kapena mafuta olowerera m'thabwa. Wopaka pa thabwa lonyowa watsekera madzi mkati, ndiye chifukwa chake nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula isanagwe.

Mwina mukuti, nkhani ya benchi ya m'bala yafika bwanji pa tsamba la ophunzira a ku yunivesite? Funsani kalipentala aliyense ku Mchesi kumene mlombwa ndi mbawa akuzipeza masiku ano, ndi mtengo wake. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene inkadyetsa dziko lonse matabwa a paini, yatha kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa. Ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, zinthu zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera mitengo. Madzi amene tikupopera pa thabwa lija akuchokera m'nkhalango yomweyo, kudzera m'madamu a Kamuzu. Pamwamba pa izi, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo vanishi, misomali ndi guluu zinakwera mtengo. Chitseko chimene chikanakhala zaka zina zambiri chikaola msanga chifukwa cha kutsukidwa molakwika, mtengo wina udulidwa, ndipo banja lina lilowa m'ngongole.

Anzanga a car wash ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati kasitomala wa ku Chinsapo kapena ku Mgona safuna nkhani ya masiku atatu, akufuna malo ake ayere lero, madzulo atsegule. Ukamuuza za sandipepa apita kwa mnzako wotchipa. N'zoona. Koma kasitomala yemweyo amadziwa kuwerenga ndalama kuposa ife a madigiri. Muonetseni mtengo wa mabenchi atsopano, mumuuze kuti mukonza theka sabata ino, theka sabata yamawa kuti bizinesi isaime. Wina akana, wina avomera, ndipo wovomerayo ndi amene adzakuitaneninso chaka chamawa nthawi yopakanso ikakwana. Galimoto amatsuka aliyense amene wagula makina. Wodziwa kusiyanitsa paini, bulugamu ndi mlombwa pongoyang'ana, n'kudziwa chimene chilichonse chimafuna, sapezeka pa ngodya iliyonse.

Vuto lalikulu ndi manyazi athu. Kugwira mpope wa makina timakuona ngati bizinesi, koma kugwada ndi sandipepa timati ndi za amene sukulu inawakanika. Pamene luso lenileni lili kwa madala a ukalipentala aja ndi kwa achinyamata amene anadutsa m'maphunziro a TEVETA. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Ngati muli ndi makina, pitani kwa kalipentala wa m'dera lanu, mupatseni ulemu wake, mugwirizane zogawana phindu: inu mubweretse makina ndi makasitomala, iye abweretse maso ndi manja. Mukatero mupeza ndalama, iye apeza ntchito, ndipo zitseko ndi mabenchi a m'matauni athu zikhalitsa pamene mitengo imene tikudzala lero ikukula.