Ukazembe Sauchitira Pamsika

Banja likagwedezeka kumudzi, ankhoswe saitanira mlandu pamsika. Amakhala kuseri nayankhula motsitsa, kuti wolakwa apeze mpata wopepesa asanachite manyazi pamaso pa khamu. Ukazembe, womwe ndi ntchito yosunga ubale pakati pa mayiko, umafunanso kuseri kotereku. Koma atsogoleri ena a mu Africa muno autengera pa masamba a mchezo a pa intaneti, ndipo ndikunena mosapsatira kuti khalidweli ndi loononga.

Takumbukirani za mu Januwale 2025. Pa nkhondo yolimbirana mzinda wa Goma, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, asilikali 14 a dziko la South Africa adaphedwa. Malawi ndi Tanzania, omwe adatumizako asilikali m'dzina la SADC, adatayanso ana awo. Cyril Ramaphosa wa South Africa ndi Paul Kagame wa Rwanda adayamba bwino, pokambirana pa lamya. Kenaka Ramaphosa adalemba pa X kuloza chala zigawenga za M23 ndi asilikali a Rwanda. Kagame adayankhira pomwepo: adati akuluakulu a South Africa akunama, adaulula zomwe adakambirana pa lamya zija, nanenetsa kuti ngati akufuna mkangano, Rwanda ndi yokonzeka. Pamene awiriwa ankavulana chonchi, mitembo inali isanafike kwawo, ndipo asilikali amoyo anali atazingidwa. Mapeto ake, SADC itathetsa ntchitoyo mu Malichi chaka chomwecho, asilikaliwo adatulukira m'dziko la Rwanda lomwelo. Njirayo idatseguka ndi zokambirana zakachetechete, osati ndi zolembalemba zija.

Vuto lagona pa kapangidwe ka masambawa. Mawu aukali ndiwo amafala msanga, pamene mawu oleza mtima amamira. Mtsogoleri amene wadziguguda pachifuwa pamaso pa miyandamiyanda sangabwerere m'mbuyo popanda kuoneka wamantha, chonsecho mgwirizano uliwonse umafuna kuti aliyense agonjeko pang'ono. Komanso kale kalata ya boma inkadutsa m'manja mwa akazembe ndi alangizi, nkugonera. Lero chala chimodzi chikwanira. Mu Okutobala 2022, Muhoozi Kainerugaba, yemwe panthawiyo anali mkulu wa asilikali a pamtunda ku Uganda, adalemba pa Twitter kuti angathe kulanda Nairobi m'masabata awiri. Bambo ake, Yoweri Museveni, ndiwo adapepesa kwa anthu a ku Kenya.

Ena adzati kubisa nako kwatipweteka, ndipo sakunama. Nthawi zambiri SADC yakhala chete anthu akuzunzidwa. Mu Ogasiti 2020, mfuu ya #ZimbabweanLivesMatter itamveka ponseponse, Ramaphosa adatumiza nthumwi ku Harare, ngakhale zidabwerako zitaonana ndi Emmerson Mnangagwa popanda kukumana ndi otsutsa boma. Komatu amene ankafuula apa ndi anthu wamba, amene alibe lamya ya mtsogoleri wa dziko kapena mpando pa msonkhano wa SADC. Iwowa afuule ndithu, ndipo boma lowatsekera intaneti lidzudzulidwe.

Mtsogoleri ali ndi akazembe, nthumwi ndi misonkhano, zonse zolipiridwa ndi misonkho yathu. Akasiya zonsezi nathamangira pa X, sakufuna kuthetsa mlandu ayi, akufuna omuombera m'manja. Amene amalipira mtengo wa m'manjamo ndi msilikali wozingidwa ku Goma ndi mayi wake woyembekezera kumudzi.